Usakhale Tafu, Unditumizire Manja Ako

Dzivarasekwa,
Lachinayi masana

Tadala mwana wanga,

Wapita ku Hopley kukatsanzika mayi ako aang'ono a Esinati, ndiye nyumba yangoti zii. Magetsi anathawa m'mawa, moti ngakhale firiji yasiya kung'ung'udza. Sutikesi yako ili pabedi, yayasamula ngati ikufuna kumeza ndi ine ndemwe. Ndikulemba m'Chichewa dala. Chishona ndi Chingerezi umameza osatafuna, koma Chichewa umachiwerenga ngati munthu woyenda pa miyala wopanda nsapato, phazi limodzilimodzi. Ndi mmene ndikufunira. Ukawerengere kumeneko ukakamasula sutikesi, ndipo ukapunthwa pa liwu, ubwerere uwerengenso.

Nkhani yanga ndi ya liwu limodzi lokha.

Sabata yatha unalowa pageti ukuvina, ati mayi uja wa ku ejensi, amene wakupezera ntchito yosamalira okalamba ku Mangalande, wakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kukuuza kuti ndiwe tafu. "Mhamha, akuti atsikana ngati ine ndi amene akuwafuna. Akuti ife tili tafu, sitidandaula." Utaona nkhope yanga unathamangira kukanditengera mapiritsi a bipii. Sinali bipii, mwanawe. Ine ndinathera utsikana wanga ku yunivesite kuphunzira Chingerezi, ndinachiphunzitsa kusekondale mpaka choko chinandidya zala, ndiye mwana wobala ndekha abwere kudzandivinira ndi liwu la Chingerezi limene lakhala likudya banja lino kuyambira kwa agogo ake? Digiri yanga inachita kutembenuka m'kabati mmene ndimaisunga pamodzi ndi makandulo.

Khala pansi ndikuphunzitse, pakuti mphunzitsi sapuma pantchito, amangosiya kulipidwa. Liwu limeneli eni ake analipangira zinthu: chikopa, chingwe, tayala, jombo za ku mgodi. Chinthu choti uchipinde, uchimenye, uchikwekweze pansi, koma osaduka. Amalinena ndi munthu wogula. Wogula chingwe amafuna cha tafu chifukwa akudziwa kale zimene akachichite, ndipo chingwecho palibe amachifunsa maganizo. Tsono liwuli likachoka pa chingwe n'kudzatera pa iwe, usayang'ane kumwetulira kwa amene walinenayo. Uyang'ane chimene wanyamula. Akufuna poti atule.

Agogo ako aamuna, bambo anga a Jailosi, iwe sunawapeze. Anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, wapansi kudzera ku Tete, mpaka anakafika pa famu ina ya fodya kupitirira Banket. Mwini famuyo ankakonda kunena kuti anyamata a ku Nyasalande ndi tafu, ndipo bambo anga liwulo analivala pachifuwa ngati mendulo. Pa Khirisimasi akalawa pang'ono ankadziguguda: "Bwana anati Jailosi tafu! Ena onse akapume, Jailosi atsale pa moto!" Ntchito yawo inali yosonkhezera ng'anjo za m'mabalani, nyumba zazitali zija zowumitsiramo fodya, kutsegula ndi kutseka zitseko zachitsulo zofiira ndi moto. Manja awo anali ngati khungwa la mtengo, zala zina zosapindika, moti batani la malaya ankawamangira ndi amayi. Ine wopusane, ndili ku pulayimale, ndinalemba chimangirizo chonena kuti bambo anga ndi munthu wa tafu kuposa onse pa famu, ndinakhoza, ndinakawawerengera, iwo n'kuwomba m'manja momwemo mouma ngati matabwa. Ndinadzadziwa ndili wamkulu kuti magolovesi analipo pa famupo. Ankapatsidwa kwa amene ankadandaula.

Wamva, Tadala? Magolovesi analipo.

Tsopano ndikuuze za mwambo wathu ife a ku Malawi kuno, umene sudzaumva ukulalikidwa kutchalitchi. Bambo anga akasunga kandalama ankakwera basi kubwera ku Mbare, kwa munthu wojambula zithunzi amene ankabwereketsanso suti, tayi ndi wotchi. Ankaima pafupi ndi chiwailesi chachikulu chosalira, n'kujambulitsa ziwiri, china chotumiza ku Ntcheu, china chosunga. Kuseri ankalembetsa mawu omwe aja amene anzawo onse ankalemba: "Kuno tili bwino." Chimodzi mwa zithunzizo ndachiika mu envelopu muno. Chitulutse. Waona sutiyo, mapewa ake akulendewera? Waona chibwano chokweza ngati nduna? Tsopano funa manja. Ali kumbuyo. Pa zithunzi zawo zonse, manja ali kumbuyo.

Ku Ntcheu anaona suti, sanaone manja. Anati Jailosi ndi bwana ku Halale. Anayamba kuitanitsa mabulangete, njinga, malata. Ndipo bambo anga sakanathanso kubwerera kwawo, chifukwa munthu amene ankamudikira kumeneko anali wa suti uja, osati wa zala zopserera. Chaka chilichonse ankati, "Tipita zinthu zikakhala bwino." Amayi awo anamwalira, iwo ali pa ng'anjo. Anthu amati mtchona ndi munthu amene waiwala kwawo. Bodza. Bambo anga ankatchula mapiri a kwawo ngakhale m'tulo. Mtchona ndi munthu amene akuopa kukakumana ndi chithunzi chake. Manda awo ali pa famu paja, ndipo pamwamba pake pali chimanga cha munthu amene sitikumudziwa.

Ndili chaka choyamba ku yunivesite, mwana wa pa famu amene anakwera ndi thandizo la a mishoni, ndinakhala tebulo limodzi ndi mtsikana wina wa ku mayadi. Anabaya nyama yake ndi foloko, anaiyang'ana ngati yamutukwana, n'kunena kuti, "Iyi ili tafu." Ananyamuka ndi mbale yake, anakaibweza ku khitchini, ndipo anamupatsa ina. Ine ndinatsala kukamwa yasaa. Mumtima ndinati, taonani ana oleredwa ndi mkaka, akanakhala pa famu akanafa sabata yomweyo. Yanga ndinaitafuna mpaka nsagwada zinachita dzanzi, ndikudzimva kuti ndine wopambana. Lero mtsikana ujayu ali ndi nyumba ya mpanda wamagetsi ndi mano ake onse. Ine ndimatafunira mbali imodzi. Ndipo dziwa kuti nyama ikakhala tafu ndiye kuti ng'ombeyo inalima, inakoka ngolo, inakalambira m'goli. Ikafika pa mbale palibe amaithokoza. Amaikankhira m'mphepete.

Ukapatsidwa mbale yoteroyo, ubweze. Ndikubwereza chifukwa ndikukudziwa: ubweze.

Liwu lomweli ulimvanso m'kombi, minibasi zathu zija, popita m'tauni. Wina akayamba kufotokoza kuti mwana wake amubweza kusukulu, kapena kuti mankhwala a shuga asowa, amene wakhala naye pafupi amapukusa mutu n'kuti, "Ii, zinthu zili tafu." Basi nkhani yathera pomwepo, aliyense wabwerera pa foni yake. Ndi chivundikiro chimenecho, chotsekera mphika kuti fungo lisatuluke. Ine ndachigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, ndipo amene ndinamuvundikira kwambiri ndi mng'ono wanga yemwe, mayi ako aang'ono amene uli nawo panopa. Iwo sukulu sanapite nayo patali, anatsala pa famu. Mafamu atasintha eni anapezeka ku Hopley ndi ana, m'kanyumba ka mapulasitiki, kulawirira ku Mbare Musika kukaoda tomato woti akagulitse pamsewu. Kutchalitchi aliyense ankati, "Esinati ndi tafu, mayi uja." Ndiye amayi akasonkha mabulangete m'nyengo yozizira, ankapereka kwa olira mokweza, Esinati n'kumudumpha. Inenso ndikagula kashuga ndinkapititsa kwina, poti wanga ndi wa tafu. Tsiku lina ndinamupeza atakhala pansi kuseri kwa tebulo lake, miyendo itatupa ngati mitondo, akudzikupiza ndi katoni. Ndinati, "Koma iwe ndiye tafu, mng'ono wanga." Anandiyang'ana kuchokera pansipo.

"Akulu, mukanenanso mawu amenewo ndikugendani ndi tomato wowola, ndipo ndili naye wambiri."

"Iwe, ine ndikukuyamikira."

"Mukundiyamikira chiyani? Tafu ndi mawu amene mumanena kuti musatsike kombi pa Hopley."

Ndaphunzitsa matanthauzo a mawu moyo wanga wonse, koma limenelo sindinalipeze m'buku lililonse.

Za mchimwene wako Yamikani ukuzidziwa, unalipo, koma unali wamng'ono ndipo unkangoyang'ana mbuliwuli zimene ndinakugulira. Tsiku limene ankakwera basi ya ku Cape Town pa Mbare paja, anyamata oitanira akutikoka uku ndi uku, ndinamukonzera kolala n'kumuuza kuti, "Ukakhale tafu, mwana wanga." Ndi chimene ndinali nacho chomupatsa. Ndi chimene ndinapatsidwa. Zithunzi zinayamba kubwera pa foni: Yami watsamira galimoto yoyera, Yami wavala magalasi akuda, nyanja ili kumbuyo. Ndinkazionetsa pa mzere wa ku mjigo, mabakete ali pansi: "Taonani mwana wanga!" Ine mwana wa Jailosi. Ine amene ndinkadula ana malikisi chifukwa cholephera kuona chimene ndakatulo yabisa. Sindinaone kuti manja ali m'thumba pa chithunzi chilichonse. Sindinaone kuti lamba wabooledwa bowo lina. Galimotoyo inali imodzi mwa zimene ankatsuka. Ankatsokomola miyezi, akugona pansi m'chipinda cha anthu ambiri, ndipo ndikamuimbira ankati, "Zili bho, mhamha, ndili tafu." Chifuwa chachikulu, Tadala, matenda oti mankhwala ake alipo. Anabwera m'ngolo yokokedwa ndi galimoto ya amalaicha, onyamula katundu wa anthu kuchokera ku Joni, bokosi lake lili pakati pa firiji ya wina ndi zigubu za mafuta ophikira.

Pa maliro pake misozi inandikanika. Ndinamva amayi kuseri kwa nyumba akunong'onezana: "Koma mayi ake a Yami ndi tafu, taonani sakugwedezeka." Atangotsuka mbale anamwazikana, poti munthu wa tafu safuna womugoneka. Amene anatsala ndi Esinati yekha, ndi miyendo yake yotupa.

Ndiye undimvere, ngakhale ndikudziwa kuti malangizo a mayi amatsala pa bwalo la ndege pamodzi ndi botolo la madzi. Ukafika kumeneko adzakuuza kuti, "Iwe uli tafu, gogo uyu ungamunyamule wekha," udzati ayi, ndikufuna makina onyamulira kapena munthu wachiwiri. Adzati, "Iwe sutopa, gwiranso usiku uno," udzati ndimatopa, ndipo ndatopa. Udzanene m'Chingerezi chabwino chija ndinakuphunzitsa ndi rula, chokhala ndi chonde kumayambiriro ndi ayi kumapeto. Akakufunsa ngati uli wolimba, udzati ndine wofewa ngati papaya, mundigwire bwino. Msana ukayamba kulankhula, upite kuchipatala tsiku lomwelo, osati kumapemphero a pa foni. Ukatsokomola sabata yathunthu, undiuze. Adzakutcha wovuta. Landira dzinalo, ulisunge bwino. Wovuta amapatsidwa magolovesi.

Usaganize kuti ndikukuuza kuti usapite. Ndikuletse ndi chiyani? Ndi digiri yako imene yakhala ikugulitsa madzi ozizira pa siteji ya makombi? Ndi penshoni yanga imene imathera pa sitolo yoyamba? Tayang'ana mseu wathu uno. Kuyambira pa ngodya mpaka ku mjigo mwatsala nkhalamba, zidzukulu ndi mafoni. Timakumana pa mzere wa madzi n'kumaonetsana ana athu ngati makadi: wanga ali pa chipale chofewa, wanga ali pa sitima, wanga wagula sofa. Aliyense akudziwa kuti mnzake akunama, aliyense akuti, "Ii, Mulungu ndi wabwino." Bambo anga anachoka ku Ntcheu kudzasonkhezera moto wa eni. Mdzukulu wawo akuchoka ku Harare kukasambitsa makolo a eni. Tangosintha mtunda ndi mtundu wa suti. Ndikanakonda kukulembera kuti udzabwera, tidzamanga chipinda china kumbuyoku, ana ako adzayankhula Chichewa chophotchoka ine n'kumawaseka. Koma mu mseu muno ndaona obwera pa Khirisimasi ndi fungo la ndege, n'kubwerera chaka chisanalowe, ndipo ndaona obwera m'ngolo. Wobwera kudzakhala sindinamuone. Mwina iwe udzakhala woyamba. Ndalemba chiganizo chimenechi kuti chioneke pa pepala, osati kuti ndikuchikhulupirira.

Chikhoti chofiira chija unagula pa kaunjika ku Mbare ndachiona. Ndinakuonanso dzana uli pa galasi, wachivala kunja kukutentha chonchi, ukuyeserera kupendeketsa mutu, dzanja lina m'thumba. Magazi a Jailosi ndi amphamvu, sanafune n'kuphunzitsidwa komwe. Chabwino. Kajambulitse pa chipale chofewacho. Utumize ku gulu la achinyamata a kutchalitchi, utumize kwa anzako a ku koleji, utumize kwa mnyamata uja wa mutu ngati chikwanje amene ukuganiza kuti sindikumudziwa. Nanenso unditumizire chimodzi choti ndikanamizire anzanga ku mjigo, pakuti sindingapite kunkhondo chimanjamanja.

Koma changa chenicheni ndi ichi, ndipo ndi chokhacho chimene ndikukupempha m'kalata yonseyi. Mwezi ukatha, uike manja ako pa tebulo, masana kukuwala, ujambule. Zikhatho, kenako kuseri kwake. Osadzola mafuta, osapaka zofiira m'zikhadabo, osakongoletsa ndi zamatsenga za mu foni zija. Nkhope imadziwa kunama, ndinaiphunzitsa ndekha. Mawu a pa foni amanama kuposa. Manja sanapite kusukulu. Ndidzawawerenga monga ndinkachongera mayeso, ndi magalasi pamphuno ndi cholembera chofiira: ngati atupa, ngati asweka ndi sopo, ngati mphete ya agogo ako aakazi yayamba kuvuka yokha. Mwezi ukadutsa osatumiza, ndidzadziwa kuti wawaika kumbuyo.

Ndipo ndikadzawawerenga n'kukuuza kuti bwera, udzabwere. Usadzati ndidikire zinthu zikhale bwino. Usadzati anthu adzati chiyani ndikabwera wopanda kanthu. Anthu adzanena, inde, ndi ntchito yawo, ndipo ine ndidzawayankha, pakuti pakamwa panga ndi pokhapo pamene boma silinandichotsere msonkho. Udzabwere ngakhale ndi jumbo ya pulasitiki, ngakhale chikhoticho utagulitsa. M'nyumba muno mulibe amene akudikira mtsikana wa pa chithunzi. Ndikudikira wa chipsera pa chala chamkombaphala, amene anadzicheka potsegula chitini cha nyemba ali mu giredi yachitatu n'kulira mpaka aneba anabwera. Ulire choncho, Tadala. Unali ndi luso.

Si bwino mphunzitsi kupereka ntchito imene iye sanaigwire, ndiye ndayamba ndine. Dzulo ndinapita kwa mnyamata wojambula zithunzi za mapasipoti pa mashopu paja, ndinaika manja pa kauntala n'kumuuza kuti jambula. Anati, "Amayi, nanga nkhope?" Ndinati nkhope ndi ya alendo. Anayang'ana mnzake ngati akufunsa nambala ya chipatala cha amisala, koma ndalama analandira. Ndicho chithunzi chachiwiri mu envelopumu. Uchiike pambali pa cha agogo ako. Uona chala chachikulu cha kumanja chatupa, ndi mabakete a ku mjigo amenewo. Uona dzanja lamanzere silinaoneke bwino, ngati lachita nkhungu. Usamunene mnyamatayo, kamera yake ndi yabwino. Dzanjalo limanjenjemera masiku ano, ndipo ukakhala pafupi ndimalikhalira.

Tsopano ndifunse mmene umandifunsira m'mawa uliwonse uli pa foni osandiyang'ana. Mwadzuka bwanji, mhamha? Sindinadzuke bwino, mwana wanga. Ndili ndi mantha. Ndinaperekeza mmodzi ndi mawu olakwika ndipo ndinamulandira pakati pa zigubu, ndiye mawa ndikuperekeza womaliza. Ku bwalo la ndege ndikalira. Mawa m'mawa ndikuchenjezeratu kuti usavale zoyera. Ndikalira mokweza, ndi mamina omwe, ndikugwira chikhoti chofiiracho, mpaka alonda abwere, ndipo mayi ako aang'ono alonjeza kundithandiza mawu apansi. Anthu akaloze kuti taonani mayi uyo alibe mphamvu. Akhala atanena zoona kwa nthawi yoyamba.

Geti lalira. Ndiwe, ndikumva ukukangana ndi galu wa aneba m'Chishona. Ndilowetsa kalatayi pansi pa zovala mu sutikesi. Ulowa, undiyang'ana, undifunsa chimene maso afiirira, ndipo ndikuuza kuti ndi utsi wa mbaula. Undilole limeneli. Likhala bodza langa lomaliza kwa iwe.

Ndine mayi ako,
wofewa, wovuta, wodikira kutha kwa mwezi.